Achemwali anga sakugona

Achemwali anandiimbira foni madzulo ano pa nkhani ina, koma mawu awo anali olefuka. Nditawafunsa, anati, "Iwe, ine tulo ndinasiyana nato kalekale. Ndikangoti ndigone, za ngongole, za kuntchito, za ana, zonse zimandibwerera m'mutu mpaka kunja kuyera."

Kenako anandiuza kuti m'mawa anakalipira mwana wawo pa kanthu kochepa, atatero n'kukadzitsekera kuchipinda kumalira. Akudziona ngati mayi woipa, ndipo zimenezi n'zimene zandipweteka kwambiri. Ndinawauza kuti, "Achemwali, mtima wanu sunasinthe, thupi ndi limene latopa."

Ndipo sindinanene zongowasangalatsa ayi. Nkhawa zikachuluka, thupi limatulutsa cortisol wambiri. Homoni imeneyi imayenera kukwera m'mawa n'kutsika usiku, koma ikakhalabe pamwamba, tulo sitibwera. Munthu akapanda kugona, kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala, kamene kamadzutsa mantha ndi mkwiyo, kamachita phuma, pomwe mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imatithandiza kuugwira mtima, imafooka. Nkhawa zimalanda tulo, kusagonako n'kumawonjezera nkhawa. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 mpaka 9, koma achemwali akuti akagona maola 4 ndiye kuti zayenda.

Chimene chandikwiyitsa ndi yankho la alamu: akuti "ndi maganizo chabe, limbani mtima." Munthu alimba bwanji mtima ubongo usanapume? Kusowa tulo kukapitirira miyezi, kumatha kutsegula khomo la matenda ovutika maganizo, komanso nthawi zina kumakhala chizindikiro choti matendawo ayamba kale. Ndikamva anthu akupeputsa zimenezi, mtima umandiwawa, moti nkhope yanga yakhala yamasinya mpaka tsopano. Mwina n'chifukwa choti ndimawadziwa achemwali, sadandaula wamba.

Ndinawapempha kuti foni aziisiya patali nthawi yogona ikayandikira, azidzuka nthawi yofanana tsiku lililonse, ndipo tulo tikakana kwa mphindi ngati 20 azidzuka n'kukakhala pena pa kuwala kochepa m'malo momangotembenuka pabedi. Koma chachikulu ndinati akaonane ndi dokotala, chifukwa thandizo lilipo, ngakhale la uphungu lopanda mapiritsi.

Anangoti, "Ndiona," n'kuyamba kufunsa za ana anga. Mawa ndiwaimbiranso, ndiwauze kuti kuchipatalako ndiwaperekeza ineyo. Koma alamuwa ndiwayamba bwanji osayambana nawo?