Mvuu ya simenti ndi gulo wamoyo: ulendo wathu wa ku Lengwe ndi ku Elephant Marsh

Anzathu amene munatsala mwakhala mukufunsa pa gulu lathu la WhatsApp kuti nkhani ya mvuu inayamba bwanji, ndipo amene tinapita aliyense akuyankha zake. Popeza ndine mlembi, ndaona kuti ndilembe zonse mmene zinayendera anthu asanayambe kukometsera. Ndikulemba monyadira, chifukwa gulu lathu lojambula zachilengedwe lija linayamba ndi mafoni osweka magalasi pansi pa mtengo wa bwemba, lero lili ndi zithunzi zoti munthu n'kupachika pabalaza alendo n'kumafunsa kuti wajambula ndani.

Tinasankha dala tchuthi cha tsiku la anakubala. Mu Okutobala kuno kuchigwa madzi amakhala ataphwa m'tchire, ndiye nyama zimabwera zokha pa maiwe ochepa otsala, wojambula ntchito yake n'kungokhala pansi. Tinanyamuka pa Nchalo kusanache, n'kulowa msewu wodutsa m'minda ya nzimbe ya Illovo wopita ku chipata cha Lengwe. A Batire Yatha anafika pa nthawi yake, aliyense anawaombera m'manja, koma tili pakati pa nzimbe anatulukira kuti pawa banki imene anagulira ulendo womwewu anaisiya pa chaja kunyumba. Dzina lija lawakakamira basi.

Pa chipata bambo wa gemu anatiphunzitsa mwachidule. Lengwe anaipatula kuti ikhale malo osungirako nyama mu 1928, ndipo inakhala paki mu 1970. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 887, koma alendo ambiri amangoyendera mbali ya kum'mawa. Imadziwika chifukwa cha nyala, ndipo ili m'gulu la malo akumpoto kwenikweni kumene nyamayi imapezeka mwachilengedwe. Anatiuzanso za vuto la misampha ya waya, kudula mitengo ya tsanya kuotcha makala ndi moto wolusa, n'kutipatsa malamulo: osatuluka m'galimoto pena paliponse, osadyetsa anyani, osayatsa fulashi. Zonsezi zalembedwa m'buku la gulu kwa amene akufuna.

Chenicheni chinali m'kanyumba kobisalamo ka m'mbali mwa dziwe. Tinalowamo dzuwa likungotuluka, tinakhala pa mabenchi titapanikizana, thukuta layamba kale. Kwa nthawi yaitali kunalibe kanthu koma nkhanga ndi njiwa. A Bambo Zumu, eni kamera yokhayo yaikulu m'gulu lathu, ananong'ona kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anthu anadekhadi. Choyamba zinabwera njiri, michira ili m'mwamba. Kenako nyala zazikazi zinatuluka m'zitsamba, zofiirira, za mizere yoyera m'nthiti, zopanda nyanga, zikuyenda pang'ono n'kuima, makutu ali tcheru. Pambuyo pake penipeni inatuluka yaimuna, yakuda motuwira, ubweya uli lendelende kunsi kwa khosi mpaka kumimba, miyendo yachikasu ngati yavala masokosi a mpira. Munthu wosadziwa angalumbire kuti yaimuna ndi yaikazi ndi nyama ziwiri zosiyana. Inafika pamadzi, inaweramitsa mutu, mafoni onse ali m'mwamba, ndipo pomwepo foni ya amayi msungichuma inalira nyimbo ya kwaya mokweza ndithu. Dziwe lonse linangotsala fumbi.

M'kanyumbamo munali zii. Amayi anafufuza foni m'chikwama, yosapezeka, nyimbo ikupitirira kufika pa kolasi. Ataipeza anayankhanso, monong'ona, kuti "Ndili kutchire, ndikuimbirani." A tcheyamani anangogwira mutu. Koma Mulungu ndi wabwino: patapita kanthawi kunabwera njati, gulu lonse, ndipo njati sizinasamale za ife. Zithunzi za njati zili ndi matope kumaso zimene mwaziona zija zinachokera apa, choncho amayi tinawakhululukira, ngakhale dzina loti a Kwaya sindikuona kuti lichoka msanga.

Ndiyamikire mwapadera mwana wathu wa fomu 3, wamng'ono m'gulu lonse. Ife tikukoka zumu ndi zala mpaka chithunzi kuchita chimbuuzi, iye anabwereka magalasi oonera patali a bambo wa gemu, n'kugunditsa kamera ya foni pa diso limodzi la magalasiwo, chigongono atachitsamiritsa pa thabwa. Nyala yake inatuluka bwino moti mizere mukhoza kuiwerenga. Zitumbuwa zathu zinapita ndi apusi pa malo opumulira, koma imeneyo si nkhani yachilendo.

Tinabwerera pa msewu wa M1 n'kulunjika kumwera. Pa Ngabu tinadya mbuzi yootcha ndi chipisi, ndipo titapitirira pang'ono minibasi inayamba kuwira. Dalaivala anaima pa kamsika kena kuti apemphe madzi. Apa ndi pamene tinaiona.

Pansi pa mlambe, pafupi ndi golosale, pali mvuu ya simenti yofika m'chifuwa mwa munthu wamkulu. Yakhala pansi chotambalala, yamanga chitenje chopentedwa maluwa, kumutu duku, mwendo wakutsogolo yatambasula itagwira foni ikudzijambula, kukamwa kuli yasa. Pambali pake pali ng'ona ikupalasa njinga ya kabaza, mchira uli pansi, ndipo pa kariya pakhala mbuzi imene maso ake akuonetseratu kuti ikudziwa kumene ulendowo ukathere. Chachitatu ndi nyani wovala tayi, m'khwapa muli fayelo, dzanja lina wabisa chimanga kumbuyo. Tinaseka mpaka ena kukhala pansi m'fumbi. Ana a pamsikapo anali atakwera kale pamsana pa mvuu kudikira kuti tiwajambule, zikuoneka kuti anazolowera.

Mwini ntchitoyi tinamupeza pa khonde la golosale, mbuya wa imvi, amene anagwira ntchito yomanga nyumba mpaka msana unakana. Anatifotokozera, Chisena ndi Chichewa akusakaniza, kuti amayamba ndi zitsulo zotsala pa zomangamanga, n'kuzikulunga ndi waya wa khola la nkhuku, m'kati n'kuponyamo miyala ndi mabotolo kuti simenti isalowe yambiri. Akamata amafunditsa masaka onyowa n'kumathirira m'mawa ndi madzulo, apo ayi dzuwa la kuno limang'amba simenti isanalimbe. Palibe anamutuma kapena kumulipira. Eni golosale amangomugulira penti chifukwa magalimoto ayamba kuima.

Kenako anatifunsa funso. "Ana anga, inu ojambula nyama, mvuu ili ndi zala zingati kuphazi?" Tinayang'anana. Wina anati ziwiri, wina zitatu. Mbuya anatitengera pa chiboliboli chake n'kutiwerengetsa: zinayi. Pa ng'ona anationetsa zala zisanu kutsogolo, zinayi kumbuyo, ndi dzino lachinayi la m'munsi limene limaonekera kunja ngakhale itatseka pakamwa. Anationetsanso mmene maso, makutu ndi mphuno za mvuu zimakhalira pamwamba pa mutu kuti thupi lonse likhale m'madzi koma ikuona ndi kupuma. Munthu ameneyu alibe kamera, koma nyama za mu Shire amazidziwa kuposa tonse tikaphatikizana, ndipo nthabwala zake zikuseketsa chifukwa thupi la nyamayo analilondola bwinobwino asanaliveke duku.

Amayi nesi okha sanaseke. Inu mukudziwa ntchito yawo, mabala a ng'ona awasoka ambiri. Anafunsa mwaulemu kuti, "Mbuya, ng'ona yatimalizira anthu kudooko, inu mukuikweza njinga?" Mbuya anakhala chete pang'ono, n'kunena kuti iwonso mvuu zinawadyera dimba lonse usiku umodzi, ndipo maliro a ng'ona anawalirapo pa mudzi pawo. Anati mwana amene wagwira mano aja ndi dzanja lake, n'kuona kutalika kwa pakamwa, akapita kumtsinje samayesa chikuni chilichonse choyandama. Amayi nesi sanayankhe, koma ponyamuka ndi iwo amene anayambitsa kuti tisonkhe kangachepe ka thumba la simenti. Mbuya anawomba m'manja n'kuthokoza m'Chisena kuti, "Takhuta."

Tonse tili kalikiliki kudzijambula ndi mvuu, mwana wathu uja anali atagwada kutsogolo kwake osasuntha. Pa mphuno ya mvuu panakwera gulo wamutu wobiriwira, akugwedeza mutu, atayang'ana foni ya simenti ija ngati nayenso akufuna alowe nawo m'chithunzi. Anamujambula kamodzi kokha gulo asanathawe.

Tinafika pa Bangula madzulo, anzathu a kumeneko atatikonzera kale. Amayi amene anaphika, Mulungu awadalitse. Nsima ya mapira yotentha, makakana okazinga, mlamba wowamba wothira tomato, nkhwani wotendera, ndi thobwa lozizira m'mtsuko. Anatiphikiranso nyika pang'ono kuti ana a pa Nchalo amene anakulira pa buledi ailawe, ndipo mayi wina wachikulire anatikumbutsa kuti kwa iwo chimenechi si chakudya chosewera nacho: ndi chimene anthu amakazula m'dambo, pakati pa ng'ona, chaka cha njala. A Batire Yatha anapempha nsima kachitatu ponena kuti ya mapira sikhalitsa m'mimba, zimene aliyense wa kuchigwa akudziwa kuti si zoona.

Mkangano unabuka tikusamba m'manja. Mafoni akuyenda dzanja ndi dzanja, aliyense amene waona chithunzi cha gulo ankati chimenechi ndiye chapambana mpikisano wa ulendo. A tcheyamani anakana. Anati lamulo lathu likunena za chilengedwe, ndipo theka la chithunzicho ndi simenti ndi penti. Tikalola lero, mawa wina adzabweretsa nkhuku ili pa njinga yamoto. A Bambo Zumu anawavomereza, ngakhale ena ananong'ona kuti akuteteza njati yawo. Amayi msungichuma anati gulo ndi wamoyo, palibe anamuika pamenepo, ndipo mwana anagwada pa dzuwa kumudikira monga mmene tonse tinadikirira nyala. Mawu anakwera. Wina anafika ponena kuti akuluakulu safuna kugonja kwa mwana wa sukulu, ndipo apa a tcheyamani anakhumudwa ndithu, anatuluka panja kanthawi.

Atabwerera, aphunzitsi anayesa kuziziritsa ndi mbiri. Anatikumbutsa kuti mu 2022 pa Trafalgar Square ku London anaimikapo chiboliboli cha John Chilembwe chopangidwa ndi Mmalawi mnzathu Samson Kambalu, ndipo chinachokera pa chithunzi cha mu 1914 pamene Chilembwe anaima ndi mmishonale John Chorley atavala chipewa, nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu anamukulitsa Chilembwe kuposa mnzakeyo. Ndiye, anatero aphunzitsi, ngati chithunzi chinabala chiboliboli, palibe cholakwika kuti chiboliboli chibale chithunzi. A tcheyamani anayankha kuti, "Aphunzitsi, Chilembwe si mvuu." Nyumba yonse inagwa ndi phwete, iwonso anaseka, ndipo tinagona nkhani isanathe. Ine maganizo anga sindibisa: chithunzi cha mwanayu chikuonetsa chigwa chathu mmene chilili, nyama ndi anthu kukhala malo amodzi, ndipo pa ulendo wonse palibe china chimene chinandigwira mtima chotero.

M'mawa asodzi anatitenga pa mabwato kulowa m'dambo. Dzina loti Elephant Marsh linachokera kwa David Livingstone, amene podutsa mu 1859 analemba kuti anaona njovu pafupifupi 800. Lero mulibe ndi imodzi yomwe. Mu 2017 damboli linalowa m'ndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse wa Ramsar. Opalasa anatiuza kuti chidutsireni madzi osefukira a 2015, namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, mchenga unatseka njira zina zimene ankadutsa, ndipo kwina namasupuni wadzaza moti bwato limachita kukankhidwa ndi mponda. Tinaona akakowa, avuwo, nkhwazi ziwiri pa mtengo wouma, ndi kambalame ka zala zazitali koyenda pamwamba pa masamba a nyika osamira. Kujambula uli m'bwato n'kovuta, ukangotembenuka lonse limapendama, ndipo amayi a Kwaya ulendo uno anazimitsa foni n'kuimanga m'jumbo, manja onse awiri atagwira m'mphepete.

Mvuu zenizeni tinaziona patali, opalasa anakana kuyandikira ndipo anachita bwino. Zinangotulutsa maso, makutu ndi mphuno, ndendende mmene mbuya anatisonyezera. Pa dooko, m'matope, a tcheyamani eni ake ndi amene anapeza phazi la mvuu, anawerama n'kuwerenga zala mokweza mpaka zinayi, n'kulijambula. Tili m'minibasi pobwerera analengeza kuti kuyambira tsopano mpikisano ukhala ndi magawo awiri, la nyama kutchire ndi la nyama pakati pa anthu. Gawo loyamba yatenga njati ya a Bambo Zumu, lachiwiri gulo wa mwana wathu.

Zikomo kwa anzathu a ku Bangula chifukwa cha mphasa, maneti ndi chakudya, tikuyembekezerani kuno. Zikomo kwa dalaivala amene anapirira kuimitsidwa pa mlambe uliwonse, kwa bambo wa gemu chifukwa cha magalasi aja, kwa opalasa mabwato, ndi kwa makolo a mwana wathu potikhulupirira. Zikomo amayi nesi chifukwa cha thanzi ORS amene anadzutsa anthu awiri dzuwa litawagwetsa pa Ngabu. Tagwirizana kutsukitsa chithunzi cha gulo chachikulu, kuchiika m'felemu n'kukapereka kwa mbuya. Aphunzitsi adzapita nacho popita ku Nsanje kumapeto a mwezi.

Ulendo wotsatira tikuganiza za Majete, kumene bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2003 ndipo mikango inabwezeretsedwa mu 2012, tikaonenso mathithi a Kapichira. Amene simunamalize ndalama ya minibasi onanani ndi amayi msungichuma lisanafike Loweruka, ndipo amene muli ndi chipewa chobiriwira cha a tcheyamani chimene chinatsala pa mpando wakumbuyo, bwera nachoni ku msonkhano.