Mapu anga a Seelow: zitunda zauma, kwatsala dambo

Thabwa la mapu a nkhondo yolowera ku Berlin, kumapeto kwa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, layamba kuoneka bwino tsopano. Zitunda za Seelow, zimene zili kum'mawa kwa Berlin, ndaziumba ndi makatoni osanjikiza, pamwamba ndamata nyuzipepala zoviika m'phala la ufa wa chinangwa, ndipo zauma osang'aluka. Mtsinje wa Oder ndaupaka kale utoto chakum'mawa.

Chomwe chandigwira mtima ndi kufupika kwa zitundazi, mamita pafupifupi 50 basi. Koma ndikawerama n'kuyang'ana kuchokera kumtsinje, diso lili pafupi ndi thabwa, ndimaona chifukwa chake asilikali a Soviet otsogozedwa ndi Zhukov anavutikira pamenepa kuyambira pa 16 mpaka pa 19 Epulo 1945. Pakati pa Oder ndi zitunda pali chigwa cha Oderbruch, chathyathyathya, chamatope, chodzaza ngalande. Amene ali pamwamba amaona chilichonse choyenda m'munsi. Akasinja sakanatha kusiya misewu yochepa ija, ndiye Zhukov atawalowetsa msanga anangopanikizana ndi magalimoto ndi oyenda pansi.

Mkulu wa asilikali a Germany kumeneko, Heinrici, anachotsa anthu ake m'maenje akutsogolo usiku, mizinga ya Soviet isanayambe kulira, choncho mabomba ambiri anagwera m'maenje opanda anthu. Mzere wosiyidwawo ndauika ndi ulusi woyera, wachiwiri ndi wakuda. Nyali zamphamvu zimene Zhukov anayatsa kuti athobwe adani m'maso ndaziimika ndi timapini tachikasu, ndipo ndikatiyang'ana mtima umandiwawa: kuwala kunabwerera chifukwa cha fumbi ndi utsi, n'kuonetsa anyamata ake omwe poyera. Nkhondo inali itatsala milungu itatu yokha kuti ithe pa 8 Meyi.

Kum'mwera ndangolemba ndi pensulo njira ya Konev, mkulu wina wa asilikali a Soviet, yemwe anawoloka mtsinje wa Neisse mofulumira mpaka Stalin anamulola kukhotera ku Berlin. Torgau, kumene a America ndi a Soviet anakumana pa mtsinje wa Elbe pa 25 Epulo, sikwana pathabwa ili, ndiyisiya.

Ntchito yotsatira ndi dambo lija. Ndikufuna lizioneka lonyowa, ndiye ndiyesa guluu wa matabwa wosakaniza ndi dothi losefa pa kachidutswa kapadera kaye. Nkhalango ya Halbe, momwe gulu la asilikali a Germany lotsogozedwa ndi Busse linazingidwa, idikira mpaka nditapeza siponji yokwanira mitengo.