Lachitatu m'wodi ya abambo: kabotolo ka mkodzo

Lero ndinalowa m'wodi nthawi itangodutsa 7 koloko m'mawa, ndipo mnzanga amene anagwira usiku anandisiyira odwala atsopano anayi. Mmodzi mwa iwo, bambo a zaka za m'ma 40 amene agonekedwa pa bedi la pafupi ndi zenera, ndiwo andidyera maganizo tsiku lonse. Anabwera atawonda kwambiri, thupi likutentha, m'zikhatho muli mbee chifukwa cha kuchepa kwa magazi, ndipo akazi awo, amene akuwadikirira, anandiuza kuti anasiya kumwa ma ARV chaka chatha atapita kukagwira maganyu kutali. Dokotala anaganizira chifuwa chachikulu (TB) nthawi yomweyo, koma titawapatsa kabotolo koti alavuliremo makhololo, bambowo anayesa kangapo osatulutsa kanthu, pakuti ngakhale mphamvu yokhalira tsonga analibe.

Pamene ndinkayamba unamwino, wodwala wotere tinkamudikira masiku angapo kuti makhololo atuluke, ndipo ena ankatisiya tisanadziwe chimene chawatenga. Lero ndinangopempha mkodzo pang'ono, n'kudonthezera pa kachipangizo ka LAM, koyezera TB mumkodzo, ndipo patatha mphindi 25 mzere unaoneka bwinobwino nditauyerekeza ndi khadi lake. Dzuwa lisanafike pamutu, bambowo anali atameza mapiritsi oyamba a TB.

Mtsikana wophunzira unamwino amene ndakhala naye sabata ino anandifunsa kuti, "Asisitala, matenda a m'chifuwa apezeka bwanji mumkodzo?" Ndinamufotokozera kuti chitetezo cha m'thupi chikatsika kwambiri, tizilombo ta TB sitikhala m'mapapo mokha ayi, timafalikira m'magazi mpaka ku impso, ndipo kachidutswa ka khungu la tizilomboto, kotchedwa lipoarabinomannan (mwachidule LAM), kamatulukira mumkodzo. N'chifukwa chake kuyezaku kumagwira bwino ntchito pa odwala amene afookeratu, omwewo amene makhololo amawavuta. Anadabwa nditamuuza kuti gawo lalikulu la umboni wa zimenezi linachokera kuno kwathu.

Kafukufuku wotchedwa STAMP anachitikira pa chipatala chachikulu cha Zomba ndi pa chipatala cha Edendale ku Pietermaritzburg, m'dziko la South Africa, kuyambira mu 2015 mpaka mu 2017, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2018. Akuluakulu 2,600 okhala ndi HIV amene anagonekedwa m'mawodi anagawidwa m'magulu awiri mwa maere, kaya akutsokomola kaya ayi. Gulu loyamba linkayezedwa makhololo okha pa makina oyezera TB a GeneXpert, pamene lachiwiri linkayezedwanso mkodzo pa LAM ndi pa GeneXpert yomweyo. Madokotala a m'wodi ankangolandira yankho loti TB yapezeka kapena ayi, osadziwa gulu limene wodwala wawo ali, kuti chisamaliro chisasiyane. M'gulu la mkodzo TB inapezeka mwa anthu pafupifupi 22 pa 100 alionse, pamene m'gulu linalo inapezeka mwa 15. Pofika tsiku la 56, anthu 18 pa 100 alionse a m'gulu la mkodzo anali atamwalira, poyerekeza ndi 21 a m'gulu linalo.

Chimene ndimalemekeza pa kafukufukuyu n'chakuti ofufuzawo sanakokomeze. Ananena poyera kuti, potengera odwala onse pamodzi, kusiyana kwa 18 ndi 21 sikunali kokwanira kutsimikizira kuti imfa zachepa chifukwa cha kuyezaku, koma kuti phindu linaoneka mwa iwo amene CD4 yawo (muyeso wa chitetezo cha m'thupi) inali pansi pa 100, amene magazi awo anali ochepa kwambiri, ndi amene dokotala ankawaganizira kale TB. Bambo a pazenera aja ali m'magulu onse atatu, popeza CD4 yawo yabwera masana ano ili pansi kwambiri. Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linakulitsa malangizo ake ogwiritsira ntchito LAM pa odwala ogonekedwa, ndipo umu ndi mmene kachipangizoka kanafikira mu kabati yathu.

Koma chimene chakhala chikundizungulira m'mutu ndi tsiku la 56 lija. Ife a m'wodi timawerenga mpaka tsiku lotulutsa wodwala. Akanyamula chikwama ndi beseni lake n'kutuluka pageti, timalemba kuti wapeza bwino, ndipo zimene zimachitika kumudzi sabata yachitatu kapena yachisanu sitizimva. Ofufuza aja ankalondola munthu aliyense mpaka masabata asanu ndi atatu kuti adziwe ngati ali moyo. Ndikuona kuti ntchito yolondolayo ndi yamtengo wapatali kuposa kachipangizo kamene, chifukwa popanda iyo aliyense wa ife akanangokhulupirira zimene maso ake anaona pa bedi, ndipo maso a namwino wotopa amakumbukira kwambiri amene anachira.

Madzulo akazi a bambo aja ananditsatira pakhonde n'kundifunsa motsitsa mawu ngati mkodzo uja ndi wa kafukufuku, komanso ngati utumizidwa kunja. Ndinawayankha kuti, "Ayi Mayi, uku ndi kuyeza kwa masiku onse, ndipo mkodzowo tautaya kale. Kukanakhala kafukufuku, akanabwera kukufotokozerani zonse, abambowa akanasaina kapena kudinda chala pa fomu, ndipo akanakana, chithandizo chawo sichikanasintha." Mantha awo sindikuwaseka, pakuti munthu amene watengedwa magazi kawiri tsiku limodzi popanda womuuza chifukwa chake ali ndi ufulu wokayikira. Ndinawauzanso kuti mapiritsiwa ndi a miyezi isanu ndi umodzi, ndi kuti ma ARV ayambiranso dokotala akaona kuti nthawi yake yakwana.

Si onse amene LAM inawathandiza lero. Mnyamata wa pa bedi la kumapeto, amenenso akuoneka kuti ali ndi TB, mzere wake sunatuluke, ndipo ndinachita kumukumbutsa wophunzira uja kuti mkodzo ukapanda kuonetsa kanthu sindiye kuti matenda palibe. Makhololo ake apita ku labotale, ndipo mawa m'mawa akajambulidwa pachifuwa.

Ndisanaweruke ndinawerenga tizipangizo totsala m'bokosi ndipo ndinapeza tisanu ndi tiwiri, choncho ndalemba pempho lopita ku famase. Ndalembanso nambala ya foni ya mayi aja, iwo atavomera, kuseri kwa buku langa, pamodzi ndi tsiku limene masiku 56 adzakwane. Pamene ndimatuluka, anali akuwamwetsa amuna awo phala, ndipo anali atafika pa supuni yachinayi.