Kuponya kawiri n'kubisa: zomwe ndikuphunzira pa kagalu kotola mbalame

Chiyambire kuphunzira kulera agalu osaka kuno ku Scotland, phunziro limene landivuta koposa ndi la kusiya. Kagalu kali poteropo, mchira uli pikupiku, maso ali padzanja langa, kakudikira kuti ndiponyenso chinthu choti katole. Mtima ukuti ponya. Koma mayi amene amandiphunzitsa, omwe akalambira pa ntchito yoweta ma Labrador kuno kumalire a Scotland ndi England, amangoti, "Bisa, kwatha." Kawiri kapena katatu, chinthucho m'thumba. Mawa lake mwina osaponya n'komwe. Munthu wongodutsa angati tikukamana kagaluko, pomwe m'menemo ndi m'mene chilakolako chake chimakulira.

Kuti zimveke, ndiyambe ndi ntchito imene galuyu akukulira. Retriever, galu wotola mbalame ngati Labrador, sathamangitsa nyama. Pa tsiku losaka amakhala phee pambali pa mwini wake, mfuti zikulira, mbalame zikugwa, iye n'kumasunga m'mutu pamene iliyonse yagwera. Akauzidwa, m'pamene amapita kukaitola, kaya m'zitsamba zaminga kaya mumtsinje wozizira, n'kuibweretsa m'manja mwa munthu yosaphwanyika nthiti. Nyengo ya mbalame za grouse imatsegulidwa pa 12 August, ya abakha pa 1 September, ya pheasant pa 1 October mpaka 1 February. Ntchito yaikulu kwenikweni ndi mbalame yolasidwa koma yosafa, yomwe yathawira m'tchire. Popanda galu imakafera komweko pang'onopang'ono. Choncho galu wotopa ndi kutola, amene amafika pakati n'kubwerera, alibe ntchito.

Amene tinakulira kumudzi tikudziwa za uzimba. Galu akagwira kalulu, anyamata onse liwiro kukamulanda asanang'ambe, mwina ndi chibonga chomwe. Galu wotero amaphunzira msanga kuti munthu ndi wolanda, ndipo akagwira kanthu amalowa nako pachitsamba. Salakwa, waphunzira zimene tamuphunzitsa. Pa retriever tikufuna zosiyana kotheratu: kuti akakhala ndi chinthu kukamwa, malo okoma kuposa onse akhale pamiyendo pa munthu.

Kunyamula kokhako sitiphunzitsa ife, kuli m'magazi. Makolo a Labrador anali agalu a asodzi a ku St John's, pachilumba cha Newfoundland, amene ankalumphira m'nyanja kukoka zingwe ndi kutola nsomba zopulumuka. Anafika ku England pa zombo zokocheza padoko la Poole kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, banja la Malmesbury n'kuyamba kuwaweta, ndipo m'ma 1880 ena mwa agalu awo anapatsidwa kwa banja la Buccleuch kuno ku Scotland. Bungwe lolembetsa mitundu ya agalu la Kennel Club linauvomereza mtunduwu mu 1903. Golden Retriever nayenso ndi wa konkuno: mu 1868, ku Guisachan, Dudley Marjoribanks anakweretsa galu wachikasu Nous ndi Belle. Mibadwo yonseyi alenje ankasankha galu wonyamula mofewa n'kusiya woluma. Katswiri wina wa za agalu, Raymond Coppinger, ankalongosola kusaka ngati ndondomeko: kuona, kunyang'ama, kuthamangitsa, kugwira, kuluma kopha, kenako kung'amba. Mwa retriever, gawo la kugwira linakulitsidwa, la kupha ndi kung'amba linafooketsedwa. N'chifukwa chake kagalu ka masabata 8 kamayendayenda m'nyumba ndi tsamba kukamwa ngati kapeza chuma.

Chinandidabwitsa powerenga n'chakuti khalidweli limaoneka ngakhale mwa mimbulu. Mu 2020, Christina Hansen Wheat ndi Hans Temrin a ku Stockholm University analemba kuti mwa ana a mimbulu 13 amene anawayesa ali ndi masabata 8, atatu anatola mpira n'kuubweretsa kwa munthu amene sanamuonepo. Ngati mwana wa mmbulu angatero, ndiye kuti Labrador wokana kutola nthawi zambiri sanabadwe choncho. Pali china chimene chinachitika pakati pa iye ndi anthu.

Timayambira m'kolido ya nyumba, zitseko zonse zotseka. Chida ndi sokosi yakale yopindidwa, ina n'kuilowetsa mkati mwake, chifukwa dummy yeniyeni, kathumba ka kanvasi kophunzitsira kutola, yolemera pafupifupi theka la kilo, ndi ya galu wamkulu. Ndimagwada pansi, kagalu pakati pa mawondo, dzanja limodzi pachifuwa pake. Sokosi ija ndimaikwekweza pansi ngati mbewa, uku ndi uku, mpaka ndimve kathupi kakunjenjemera m'dzanja. Ndiye ndimaponya pafupi, mamita awiri kapena atatu, n'kukasiya nthawi yomweyo. Kamathamanga miyendo ili tang'atang'a, kuterereka pang'ono, n'kuigwera sokosi ija ndi chifuwa chonse. Kakatembenuka, njira ndi imodzi yokha, yobwerera kwa ine. Kolido imagwira ntchito imene chingwe chikanagwira, popanda kukoka.

Apa m'pamene pagona nkhani, ndipo mayi aja amayang'ana manja anga kuposa galu. Kagalu kakafika, dzanja lisapite kukamwa. Lipite pachifuwa, kukhosi, kuseri kwa makutu. Kakhale pamiyendo panga ndi sokosi yake, ndikukayamikira ndi mawu otsika, kakupumira m'mphuno, sokosi ili yonyowa ndi malovu. Pakapita kanthawi, dzanja limalowa kunsi kwa chibwano, osati kuchokera pamwamba, n'kugudubuza sokosi ija pang'onopang'ono mpaka ituluke. Nthawi zina ndimakabwezeranso pomwepo kuti kanyamule. Kagalu kamene kamalandidwa pofika penipeni kamayamba kuima patali pang'ono, kenako kuzungulira, kenako kuthawa. Ena amayamba kulavula chinthu asanafike, ena amalumitsa mano kuti chisachoke. Mavuto onsewa amaonekera galu ali ndi chaka, koma anabzalidwa m'kolido.

Kakathawa nacho, osakathamangitsa. Kwa kagalu, kuthamangitsidwa ndi masewera okoma kuposa kutola, ndipo kakalawa kamodzi kamafuna tsiku lililonse. Umatembenuka n'kuthawa iweyo, ukuwomba m'manja, kapena kugona chafufumimba pa udzu. Munthu wamkulu, ndevu zili pepeya, ali gone pa kapinga wonyowa akulira ngati kamwana, anthu oyandikana nawo akusuzumira pawindo. Ulemu umatha, koma kagalu kamabwera kudzaona chimene chachitika. Njira ina yosachititsa manyazi ndi yoona kumene kamakonda kupita ndi zinthu zake. Tambiri timathamangira pogona pake. Ukakhala pomwepo, kamakupeza kokha.

Tsopano za kuchepetsa zija. Kagalu kakang'ono kamatopa msanga m'mutu, ngakhale miyendo ikadali ndi mphamvu. Ukaponya kakhumi, kachisanu ndi chimodzi kamapita mwaulesi, kachisanu ndi chitatu kamanunkhiza n'kusiya, ndipo chimene kamagona nacho usiku umenewo n'chakuti sokosi ndi chinthu chimene ungachisiye. Ukaponya kawiri n'kubisa kakadafuna, kamagona ndi njala yake. Pa chifukwa chomwechi sokosi yophunzitsira siikhala pansi pamodzi ndi zidole zotafuna. Imakhala pamwamba pa kabati, imatuluka ine ndikafuna. Ndikamadutsa m'mapaki a kuno ndimaona anthu ndi ndodo zapulasitiki zoponyera mpira, akuponya kosalekeza kwa kagalu ka miyezi isanu. Agalu ena amatuluka m'menemo atazizira nazo, ena atapenga nazo moti satha kukhala pansi, ndiponso kuima mwadzidzidzi mobwerezabwereza si kwabwino kwa mafupa amene akukula.

Nanga kagalu kongoyang'ana sokosi ikugwa, n'kuyang'ana iwe, n'kukanda khutu? Mayi aja sada nkhawa msanga. Choyamba amasintha chinthu: mpira wa tenisi, chikopa cha kalulu chokulunga pa sokosi, phiko louma la pheasant lomangirira ndi mphira. Fungo limadzutsa zimene maso alephera. Chachiwiri ndi nsanje. Amakagwira kagaluko pachingwe n'kumaponyera galu wamkulu pamaso pake, kakuona mnzake akuyamikiridwa, mpaka kayambe kulira ndi kukoka. Tsiku limenelo sakapatsa. Zikakanikabe, amabisa zonse sabata yathunthu kapena iwiri n'kumangoyenda nako m'munda. Agalu ena amachedwa kupsa, ndipo kukakamiza ndiko kumathetsa ngakhale kachilakolako kochepa kamene kanalipo.

Pa nkhani ya chakudya, ine ndi mayi aja sitigwirizana kwenikweni. Iwo safuna kuona bisiketi m'thumba pa nthawi yotola, ati kagalu kakamva fungo kamalavula sokosi kuti kukamwa kukhale kopanda kanthu. Pa Labrador mfundo yawo ili ndi mphamvu: mu 2016, Eleanor Raffan ndi anzake a ku Cambridge anapeza kuti pafupifupi Labrador mmodzi mwa anayi ali ndi kusintha mu jini (kachidutswa ka chibadwa) yotchedwa POMC, kumene kumam'pangitsa kukonda chakudya mopitirira. Komabe ndaona ena amene amaphunzitsa kugwira chinthu ndi chakudya mwadongosolo, mphoto ikubwera pokhapokha chinthu chafika m'dzanja, ndipo agalu awo amabweretsa bwino. Ine ndikuona kuti vuto ndi nthawi imene dzanja limalowera m'thumba, osati bisiketiyo. Koma galu ndi wawo, ndiye pakhomo pawo bisiketi kulibe.

Chimene tonse timavomerezana n'cha nsapato. Kagalu kakatuluka kuchipinda ndi nsapato yako ya kutchalitchi, pakamwa pamayabwa kuti ukalipe. Ukakalipa, wakaphunzitsa kuti kubwera kwa iwe ndi kanthu kukamwa ndi mlandu, ndipo kagalu sikasiyanitsa nsapato ndi bakha. Umagwada, kukaitana mokondwa, kuyamikira, kulandira nsapato ija ngati mphatso, kenako n'kukatseka chitseko cha kuchipinda. Chimodzimodzi ndi khwangwala wakufa wonunkha amene katola kumunda. Timitengo tokha ndiye sitiponya n'komwe. Madokotala a ziweto amachenjeza kawirikawiri kuti kamtengo kakazikika pansi, galu wothamanga amadzibaya nako kukhosi, ndiponso galu wozolowera timitengo amadzatola nthambi pa tsiku limene watumidwa mbalame.

Kagalu kathu tsopano kakugweluka mano. Agalu amakhala ndi mano oyamba 28, ndipo pakati pa miyezi inayi ndi isanu ndi umodzi amagwa, n'kumera okhazikika 42. Usinini umatupa, nthawi zina umapeza kadontho ka magazi pa chidole. Pa nyengo imeneyi kutola taimika. Kagalu kakamva kuwawa ponyamula, kamaganiza kuti sokosi ndiyo yakaluma, ndipo kamayamba kutafuna kapena kulavula. M'malo mwake tikuphunzira kubwera pa kulira kwa wenzulo, kuyenda pambali pa mwendo, ndi kukhala pansi.

Kukhala phee chinthu chikugwa, kumene kuno amakulemekeza kwambiri, kudzabwera mano akakhazikika. Apa pali muyezo wovuta. Ukafulumira kukaletsa kagalu kuthamangira chinthu, kamaganiza kuti kutola n'koletsedwa, moto uja n'kuzima. Ukachedwa, umakhala ndi galu wothamangira chilichonse chogwa, amene pa tsiku losaka angalowe kutsogolo kwa mfuti. Kagalu kamoto amakaletsa msanga, kozizira amakasiya kathamange kaye. Nthawiyo ikafika, zambiri zoponyedwa ndizikatola ndekha kagalu katakhala pansi kakuonerera, kuti kadziwe kuti si chilichonse chogwa chili chake.

Ku America alenje ambiri amapita njira ina. Galu akakula pang'ono amam'phunzitsa kutola mokakamiza, pomutsina khutu mpaka atsegule kukamwa, ndipo ambiri amagwiritsa ntchito kolala yamagetsi, imene ku Wales inaletsedwa mu 2010. Iwo amati galu wotero sakana ngakhale madzi atazizira bwanji. Sindikutsutsa kuti agalu awo amagwira ntchito yaikulu, koma ngakhale iwo amayamba ndi kagalu kokonda kutola, ndipo amachenjezana kuti usakakamize kamene chilakolako chake sichinakhwime.

Mano akatha tidzatuluka m'kolido kupita pakanjira ka pakati pa mipanda iwiri, kenako pa udzu waufupi, kenako wautali kuti mphuno iyambe kugwira ntchito. Madzi adikira nyengo yofunda, pamalo osaya pomwe kagalu kangalowe kokha potsatira galu wamkulu. Mbalame yeniyeni, yozizira, yokulungidwa mu sokosi yaitali kuti nthenga zisadzaze kukamwa, idzabwera pambuyo pake. Kulira kwa mfuti ndiko komalizira, kuyambira kutali kwambiri, pa nthawi imene kagalu kali kalikiliki kuthamangira dummy.