Tabwerako ku Joni, zikomo nonse

Tafika kunyumba dzulo madzulo. Bambo a ana ali mtulo panopa, koma ine tulo sitikubwera, ndiye ndati ndilembe mtima ukadali wotentha.

Za chotupa chija cha m'mutu mwa bambo ambiri mukuzidziwa kale. Opaleshoni yoyamba itatha tinavina, tikumati zatha basi. Zotsatira za ku labu zitatuluka, adokotala anatikhazika pansi n'kutiuza kuti ndi atypical meningioma, giredi 2. Chimamera pa nembanemba yokuta ubongo, ndipo magiredi ake alipo atatu. Chathuchi ndi chapakati, ndipo khalidwe lake n'lokonda kumeranso. Chinameradi. Kachidutswa kamene kanatsala pafupi ndi mtsempha waukulu wa magazi pamwamba pa mutu, pomwe mpeni sungayandikire, ndi kamene kanayambanso kukula. Tsiku limene bambo anagwa m'bafa thupi lonse likugwedezeka, ana akukuwa panja, sindifuna kulikumbukanso.

Achemwali anga aakulu, ndiyambe ndi inu. Inu amene mumagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg, m'kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya abwana anu. Munatipatsa bedi lanu, inu n'kumagona pansi pafupi ndi chitseko masabata atatu athunthu, kuzizira kwa ku Joni kuja. Folo koloko m'mawa muli kale pa sitovu kuphikira alamu anu phala. Ine sindimadziwa n'komwe kuti taxi ya kumeneko amaiimitsa ndi zala, njira iliyonse chizindikiro chakechake. Mukanapanda inu bwenzi tikungozungulira pa Park Station mpaka lero.

Chithandizocho amati stereotactic radiosurgery, ndipo makina ake ndi Gamma Knife, ku chipatala cha Milpark. Dzinalo limatchula mpeni koma palibe chodula chilichonse. Anatiuza kuti njirayi imagwira bwino chotupa chikakhala chaching'ono, chosapitirira masentimita atatu, n'chifukwa chake tinkakusowetsani mtendere ndi mauthenga a chithandizo aja, nthawi inali itatithera. M'mawa wa tsikulo anawabaya jekeseni wochititsa dzanzi, n'kuwamangirira felemu yachitsulo kumutu ndi timisomali tinayi, tiwiri pachipumi, tiwiri kunkhongo. Ine nditaona kamagazi kakutsika pafupi ndi nsidze, miyendo inandithera, ndinatuluka. Amene anatsala atawagwira dzanja ndi achemwali. Ndikuvomera pagulu pano, mkazi wake ndine koma ndinathawa.

Kenako MRI, sikani yojambula m'kati mwa mutu, kenako kudikira madokotala akuwerengetsa pakompyuta. Namwino wina anatifotokozera kuti m'makinamo muli cobalt, chitsulo chotulutsa cheza, ndipo cheza chimatuluka m'njira 192. Chilichonse pachokha n'chofooka, chimangodutsa, koma zonse zimakakumana pamalo amodzi pomwe pali chotupacho. Ndinakumbuka tili ana tikuyatsa pepala ndi galasi padzuwa. Makinawa anawayambitsa dokotala wa ku Sweden, Lars Leksell, mu 1968, ine ndisanabadwe n'komwe, koma dzina lake ndalimva koyamba chaka chino. Bambo anagona m'menemo ola limodzi ndi theka ali maso, osamva ululu. Madzulo a tsiku lomwelo tinatuluka, ali ndi timapulasitala tiwiri pachipumi, n'kumafunsa ngati kunyumba kuli ufa. Achemwali anaseka mpaka misozi, anakatakasa nsima ndi usipa umene tinawatengera ngati mphatso.

Amayi a Mvano, anzanga a banki mkhonde amene munandibwereketsa osandiwerengera masiku, akuntchito kwa bambo, aneba amene munasunga ana athu ngati anu, Mulungu akudalitseni. Wina anatumiza K2,000 n'kupepesa kuti yachepa. Mayi inu, ndalama imeneyo inagula madzi ndi buledi pa tsiku la sikani. Yehova amene amaona zobisika akubwezereni pomwe mwachotsapo.

Aliponso ena amene ankati tisataye ndalama, izi n'za anthu, tipite nawo kumudzi. Ena foni inangosiya kugwira titangotchula za ulendo, chonsecho pa ukwati wathu anali kutsogolo kovina. Sindikusunga mangawa. Ndangodziwa.

Tsono ndinene izi, chifukwa mwayamba kale kundilembera kuti tathokoza achira. Chotupacho sichinachoke. Chezacho chimapha mphamvu yake yokula, ndipo zotsatira zimaoneka pang'onopang'ono, miyezi ngakhale zaka. Cha giredi 2 chikhoza kumeranso m'mphepete mwa pomwe anawotchapo, ndiye MRI ina ikutidikira pakatha miyezi 6, ndipo zidzakhala choncho kwa nthawi yaitali. Mukawaona nkhope yafufuma musadabwe, ndi mankhwala a dexamethasone ochepetsa kutupa mu ubongo, omwenso akuwadyetsa ngati mnyamata wobwera kumunda. Mankhwala oletsa kugwa akumwabe, galimoto sakuyendetsa. Mapemphero musasiye.

Achemwali, potsanzikana munandikulungira kanthu m'chitenje chanu chobiriwira chija n'kunena kuti nditsegule ndikafika. Ndatsegula. Ndikudziwa kuti ndalama imeneyi inali ya malata a nyumba yanu ya kumudzi. Ndakuimbirani kawiri simukuyankha, ndipo ndikudziwa kuti mukuchitira dala.

Ofuna kudzazonda bwerani kuyambira Loweruka, masana okha, m'mawa amakhala atatopa.