Kavalo wa laoban

Ntchito yanga mumzinda wa Guangzhou ku China ndi yotumiza katundu wa amalonda a kwathu, ndipo palibe sabata yothyola msana ngati yoyandikira Chaka Chatsopano cha Atchaina. Mu 2026 chinagwa pa 17 February, koma mafakitale anali atayamba kale kutseka, antchito ali piringupiringu m'masiteshoni a sitima kubwerera kumidzi kwawo. Kontena ikaphonya masiku amenewa, mayi wa ku Limbe amene akudikira nsapato zake aziona mochedwa kwambiri.

Lolemba ndi Lachiwiri ndinangokhalira foni ndi makatoni. Nkhani ili pa Lachitatu.

Ndinapita kwa mkulu wa nyumba yomwe timasungiramo katundu, amene tonse timangomuti laoban, kutanthauza bwana, kukawachonderera kuti anyamata awo alongedze katundu wathu asanamwazikane. Ndinanyamula manachesi, poti kuno amati amabweretsa mwayi. Moni ndinali nditauloweza usiku wonse. Xinnian kuaile, wofunirana chaka chatsopano chabwino, aliyense amautha, ine ndinafuna wa chaka cha kavalo, poti kwa Atchaina 2026 ndi chaka cha kavalo: ma dao chenggong, kuti kavalo akangofika, chipambano chafikanso.

Vuto ndi ma ameneyo. Chimandarini, chilankhulo chachikulu cha ku China, chili ndi matchulidwe anayi a liwu limodzi. Ukalikweza n'kulisiya pamwamba, ndi mayi. Ukalitsitsa n'kulidzutsanso, ndi kavalo. Ukaligwetsa mwamphamvu, ndi kukalipira. Ine ndi mantha ndinaligwetsa. Laoban anaseka mpaka kutsokomola, n'kundibwerezetsa katatu, dzanja lawo likujambula m'malere mmene liwu liyenera kuyendera.

Pobwera kuno ndinkadzitama kuti izi sizindivuta. Ife amene timasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika popanda kuganiza n'komwe? Koma wathuwo tinayamwira, sitinachite kuphunzira. Apa khutu limamva, lilime n'kukana. Ndipo pa malonda si zoseketsa, chifukwa liwu loti mai ndi kugula komanso kugulitsa, kusiyana kwake n'komweko.

Nditakhoza kachitatuko, anandiuza kuti iwo kwawo salankhula choncho. Ndi a ku Guangdong, chigawo chomwe muli Guangzhou, moni wawo ndi wa Chikantoni, gung hei fat choy, womwe m'Chimandarini ndi gongxi facai, kufunirana chuma. Zaka zitatu ndikulimbana ndi chilankhulo chimodzi, kumeneko n'kundionjezera china.

Kenako anafunsa ngati ndinakwatira. Nditati ayi, anatulutsa kaenvelopu kofiira, lai see, kamene okwatira amapereka kwa ana ndi mbeta. Bambo wa zaka 34 ine! Ndinalandira ndi manja awiri monga kwathu, osatsegula pamaso pawo. Munali 20 yuan.

Kontena inatsekedwa Lachisanu madzulo, ya ku Beira. Loweruka ndinadutsa ku Xiaobei, dera la muno mu Guangzhou, mashopu ambiri ali otseka, pazitseko atamatapo mapepala ofiira. Mlonda wa pageti pathu ndinamupatsa moni wa kavalo uja, ndipo anayankha osaseka.