Logo inali bwinobwino, koma dzuwa la pa mbendera

Lolemba pa 24 July 2023 ndinafika ku ofesi mvula ikuwaza, chisanu cha Cape Town chikulowa mpaka m'mafupa. Kunali kutatsala masiku anayi kuti mpikisano wa dziko lonse wa mpira wamanja uyambe ku CTICC, nyumba yaikulu ya misonkhano mumzindawu, koyamba kuchitikira mu Africa muno. Ofesi yathu ndi yaing'ono, tilipo asanu basi, ndipo si ife tinadizayina maonekedwe a mpikisanowo. Logo, mitundu ndi zilembo zinapangidwa kalekale ndi ena. Ife tinangonyemeredwako: kampani ina imene inali ndi chilolezo chogwiritsa ntchito dzina la mpikisanowo inatipatsa ntchito yokonza zikwangwani, nsalu zopachika pamalo olandirira alendo ake, ndi zithunzi zoika pa Facebook ndi Instagram masewera aliwonse akatha.

Ntchito yotere imabwera ndi buku lake la malamulo, PDF yaitali yokuuza zimene ungachite ndi logo ya eni ake. Kunena zoona, zambiri ndi zimene sungachite. Osaikoka kuti italike, osaisintha mtundu, osaiika pachithunzi cha piringupiringu, osaichepetsa kupitirira mlingo umene anaika. Mozungulira logoyo pamayenera kutsala malo opanda kanthu, ndipo malowo amayezedwa, sangoyerekeza ndi maso. Dzina nalonso limalembedwa lathunthu, Vitality Netball World Cup 2023, chifukwa dzina loyambalo ndi la kampani imene inathira ndalama. Ukalisiya, ndiye kuti wabera munthu amene analipira.

Anzanga ambiri amadana nalo buku lotere, amati limamanga manja. Ine ayi. Taganizani: makampani osindikiza ambirimbiri, wina akupanga matikiti, wina malaya, wina zikwangwani za mumsewu, ndipo ambiri sanaonanepo. Popanda bukuli aliyense angakokere kwake, mzinda n'kumaoneka ngati mwachitika mipikisano khumi yosiyana. Chimanditopetsa ine si lamulo, koma munthu amene wangowerenga tsamba limodzi n'kuyamba kuliimba tsiku lonse.

Lachiwiri ndinakumana naye munthu woteroyo. Kampani imene inatilemba ntchito inali ndi mayi wina woona ngati zonse zikutsata bukuli, ndipo palibe chimene chinkapita kosindikiza iwo asanavomere. Chikwangwani chachikulu, chokhala ndi mbendera za matimu onse 16, anachibweza kawiri. Ulendo woyamba anati mbendera ya Jamaica yalowa m'malo opanda kanthu aja. Ndinayeza, ndipo ankanena zoona, inalowa pang'ono ngati chikhadabo. Ulendo wachiwiri anati mtundu wakumbuyo wazilala. Apa ndiye tinakangana pang'ono, chifukwa iwo ankaona pa foni pomwe ine ndinali nditasinthira kale fayiloyo ku CMYK, mitundu ya makina osindikizira. Kompyuta ndi foni zimapanga mtundu ndi kuwala, makina osindikizira amapanga ndi inki zinayi, ndipo mitundu ina yowala kwambiri inki singaikwanitse. Ndinachita kusindikiza kachidutswa n'kuwatumizira pa njinga yamoto kuti aone ndi maso awo. Madzulo anavomera.

Mbendera 16 zija musazione kuphweka. Australia ndi New Zealand zikachepa zimangofanana: ya Australia ili ndi nyenyezi zisanu ndi imodzi zoyera, ya New Zealand zinayi zofiira. Fiji nayo ili ndi kambendera ka Britain pakona, kungoti mtundu wake ndi wa buluu wotuwirako. England, Scotland ndi Wales aliyense amabwera ndi yake. Ndiye pali Trinidad and Tobago, dzina losakwana m'kabokosi kalikonse kamene Fiji ndi Tonga akukhalamo momasuka. Ukachepetsa zilembo za dziko limodzi uyenera kuchepetsa onse, apo ayi zimaoneka ngati wawapeputsa. Ngakhale zidule za mayina zili ndi misampha yake. Malawi ku Olimpiki ndi MAW, ku FIFA ndi MWI, choncho sulemba za m'mutu, umatsata mndandanda umene wapatsidwa. Mbenderazo anaziika ndi mtsikana amene ankaphunzira ntchito kwa ife, atazitenga mufoda yakale ya pa kompyuta ya ofesi. Ine ndinayang'anitsitsa za Australia ndi New Zealand zija, n'kuwerenga nyenyezi imodziimodzi. Ya kwathu ndinangoidutsa. Mbendera yako yomwe ungaikayikirenso?

Lachitatu linapita ndi magetsi. Nthawi imeneyo ku South Africa ankazima mosinthanasinthana, maola awiri kapena kuposa, ndiye tinkagwira ntchito tikuyang'ana ndandanda. Ndinakonza mafelemu a zotsatira za masewera, oti pa tsikulo tizingolowetsa zigoli, ndi zithunzi zingapo za Letsatsi, kanyama ka meerkat kamene kanali chidole cha mpikisanowo. Kwa amene simukadziwa, kamafanana ndi likongwe koma kamakonda kuima ndi miyendo iwiri. Nakonso kanali ndi malamulo ake, sungangokaveka chipewa chifukwa wakonda.

Usiku womwewo anandiimbira mkulu wina wa kumpingo kwathu kuno. Anati, "Achimwene, tamva kuti logo ija muli nayo inu. Tatiponyerani, tikufuna tisindikize malaya okachemerera ma Queens." Ndinawakanira, ndipo sizinawakomere. Ndinawafotokozera kuti fayiloyo ndinasainira, ikangotuluka ntchito yanga yathera pomwepo, komanso kuti malaya okhala ndi logo ya mpikisano amagulitsa okhawo amene analipira chilolezo. Tinagwirizana kuti ndiwapangire ena aulere: mitundu itatu ya mbendera ndi mawu oti Malawi, popanda logo ya munthu. Anati zikomo, koma zikomo wake wozizira.

Lachinayi m'mawa ndinapita ndekha kosindikiza, chifukwa nsalu ya mamita asanu ndi limodzi ikalakwika sungaibise m'thumba. Amene amayendetsa makina aakulu kumeneko ndi bambo wina wa ku Mangochi, wakhala kuno zaka zambiri. Ankatsegula fayiloyo kuti aone ngati ndasiya malo odulira m'mphepete, kenako anangoti zii. Anaikuza pa sikirini, n'kunditembenukira.

"Achimwene, mbendera ya a Bingu iyi yabwerera liti?"

Ndinayang'ana, thupi lonse kuchita tsembwe. Chofiira pamwamba, chakuda pakati, chobiriwira pansi, dzuwa loyera lathunthu lili pakatikati. Inali mbendera imene boma la a Bingu wa Mutharika linabweretsa mu 2010, imene Nyumba ya Malamulo inaichotsa mu 2012 a Joyce Banda atalowa. Yathu yeniyeni, ya 1964, chakuda chili pamwamba ndi dzuwa lofiira likutuluka, kenako chofiira, kenako chobiriwira. Foda ija mwina inakoperedwa m'zaka ziwiri zimenezo, ndipo kuyambira pamenepo palibe anafunapo mbendera ya Malawi mu ofesi mwathu. Mitundu ndi yomweyo itatu, ndiye ikakhala yaing'ono pakati pa zinzake 15, diso lothamanga limangoti eya, ndi imeneyi.

Fayiloyi inadutsa m'manja mwa anthu anayi. Mtsikana uja sindingamunene, ndi wa ku Paarl, konkuno ku South Africa, angaidziwire kuti nkhani ya 2010? Mayi aja anayeza chilichonse chimene buku linawauza kuti ayeze, ndipo anayeza bwino. Bukulo limateteza logo ndi mayina a amene analipira, silingadziwe kuti mufoda ya ofesi ina muli chiyani. Abwana anga anangosaina. Wotsala ndi ine, Mmalawi yekhayo pamzere wonsewo, amene ndinaimba nyimbo ya fuko pansi pa mbendera imeneyi m'mawa uliwonse ku pulayimale.

Bambo aja sanandinyoze. Anati, "Khalani apa, konzani, ine ndiyambe ndasindikiza za anthu ena." Ndinakhala pa kampando pafupi ndi makina, fungo la inki likundipweteketsa mutu, n'kujambulanso mbenderayo mu pulogalamu yojambulira ya Illustrator m'malo mokopera ina pa intaneti. Ndinawerenga cheza cha dzuwalo kawiri kuti chikwane 31. Kenako ndinatsegula mbendera zina zonse, imodziimodzi, kuphatikizapo mbalame ya pa mbendera ya Zimbabwe ndi ya Uganda. Choopsa china chinali choti mbendera yolakwikayo inali italowanso m'mafelemu a Facebook amene ndinakonza Lachitatu, onse a gulu B momwe Malawi inali ndi England, Scotland ndi Barbados. Bwenzi tsiku loyamba lomwe anthu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre atatiseka mpaka kumidzi.

Kwa mayi aja ndinalemba mosazungulira kuti mbendera ya Malawi inali yakale, ndaikonza, avomerenso. Anayankha patatha mphindi khumi, kufunsa ngati logo yasuntha. Ndinati ayi. Anati ndiye sindikizani.

Nsaluyo tinaipachika Lachinayi usiku, anyamata awiri ali pa makwerero, ine ndili pansi kukuwa kuti kumanzere kukwere pang'ono. Lachisanu pa 28 mpikisano unayamba, ndipo sindinaonere ngakhale mphindi imodzi m'bwalo. Ndinali pa desiki, masewera akuoneka pakona pa sikirini, zala zili chire kudikira zigoli. Ma Queens anayamba motsalira kwa Scotland mpaka ndinaimirira n'kumayendayenda mu ofesi, anzanga akundiseka. Pomaliza ndinalemba 55 mbali ya Malawi, 49 mbali ya Scotland, n'kuyang'ananso dzuwa lija ndisanatumize. Ndisanaweruke ndinalowa mufoda ija n'kufufuta fayilo yakaleyo, kenako ndinadutsa pa shopu kuwagulira bambo a ku Mangochi aja nkhuku yathunthu.